Ndemanga ya fani ya ladiyeta ya 12V pa njinga yamoto ya matayala atatu

Fani imene ndikunena pano ndi ya magetsi a 12V, ya mapiko apulasitiki, yomwe imamangidwa kuseri kwa ladiyeta, chipangizo choziziritsira madzi a injini, pa njinga zamoto za matayala atatu zonyamulira katundu. Ndinaigula mu shopu ina ya zipangizo za njinga pa Boma pano pa Mangochi, ndipo ndinaimanga ndekha pakhomo, fani yobwera ndi njinga itapsa mota. Anzathu a kabaza amene amayendetsa Bajaj Boxer nkhaniyi sikuwakhudza kwenikweni, chifukwa injini zawo zimazizira ndi mphepo yokha ndipo zilibe ladiyeta. Ikukhudza ife amene injini zathu zimazizira ndi madzi, ndipo timayenda pang'onopang'ono titasenza matumba a chimanga, njerwa kapena usipa.

Pa ntchito yake yeniyeni, fani imeneyi sindikuidandaula. Kuno kunyanja, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35, ndipo njinga yolemedwa ikamayenda mumchenga pa giya yoyamba, mphepo yolowa kutsogolo siikwanira kuziziritsa madzi. Pamenepa mpamene fani imaonekera ngati ili yabwino kapena ayi. Ndinaiyesa pa chikweza cha Chowe, pa msewu wopita ku Namwera, njinga itasenza mokwanira, ndipo madzi sanawire ngakhale kuti injini inkakoka movutika m'makona onse aja. Imayamba kuzungulira yokha madzi akatentha, n'kusiya akazizira, monga momwe ziyenera kukhalira. Phokoso lake n'lalikulu kuposa la yakale, koma kwa ine zimenezo n'zothandiza, popeza ndimadziwa kuti ikugwira ntchito popanda kutsika kukasuzumira.

Pomwe pali vuto ndi pa kamangidwe. Wogulitsa ananditsimikizira kuti fani imeneyi imalowa pa njinga iliyonse ya mtundu umenewu, koma mawu amenewo ndi oona pang'ono chabe. Mabowo awiri anagwirizana ndi a pa ladiyeta, koma lachitatu linaphonya, moti ndinachita kulikuza ndi tupa kuti bawuti ilowe. Pulagi yake inalinso yosiyana ndi ya pa njinga, choncho ndinadula pulagi ya fani yakale n'kuilumikiza ku mawaya a yatsopanoyi. Mawayawo ndi ochepa thupi ndiponso aafupi, ndipo m'bokosi munalibe pepala lililonse losonyeza kuti waya wa moto ndi uti. Zimenezi si zazing'ono, chifukwa mota ya mtundu umenewu imazungulira chobwerera mukasinthanitsa mawaya, ndipo fani yozungulira chobwerera imakankhira mpweya kutsogolo, kulimbana ndi mphepo yomwe ikulowa njinga ikamayenda. Munthu angamve ikulira n'kumaganiza kuti zonse zili bwino, pamene injini ikupitiriza kutentha. Ine ndinayamba ndaigunditsa ku batire ndisanaimange, n'kuika kapepala kutsogolo kwake: kapepalako kakakokedwa kumamatira, ndiye kuti mpweya ukulowera koyenera.

Ntchito yonse imafuna sipanala ya namba 10, sikuludiraiva, pulayala, tupa ndi tepi ya magetsi. Injini iyenera kuzizira kaye, ndipo waya wa negativi wa batire uchotsedwe, popeza pa njinga zina fani imatha kuyamba yokha zala zili pakati pa mapiko. Pa njinga yanga sipanafunike kukhuthula madzi kapena kumasula mapaipi. Chivindikiro cha ladiyeta chisatsegulidwe injini ili yotentha, chifukwa madzi ake amathovoka n'kuwotcha nkhope.

Ndikufuna kutsindika chinthu china kwa amene akuganiza zogula. Fani ikasiya kuzungulira, si nthawi zonse pamene mota imakhala itapsa. Kawirikawiri chimene chafa ndi fyuzi, kapena kaswichi kamene kamamva kutentha kwa madzi, kapenanso pulagi yachita dzimbiri, zomwe sizachilendo kwa ife amene timatsukira njinga m'mphepete mwa Shire. Zonsezi n'zotchipa kwambiri poyerekeza ndi fani. Kuyesa kwake n'kosavuta: lumikizani fani yakaleyo mwachindunji ku batire ndi mawaya awiri. Ikazungulira, ndalama zanu zisapite ku fani yatsopano. Yanga inangokhala chete, ndipo mota yake inkanunkha kupsa, n'chifukwa chake ndinagula ina mtima uli m'malo. Amakaniko ena amakonda kulumpha kaswichi kaja kuti fani izizungulira nthawi zonse kiyi akangotsegula, koma ine sindigwirizana nazo, chifukwa zimatopetsa batire ndi kufupikitsa moyo wa mota.

Pa kulimba, pulasitiki ya mapiko ndi yopyapyala kuposa ya fani yoyamba, ndipo kuseri kwa mota kuli timipata tomwe fumbi ndi mchenga zingalowere. Mpaka pano siinayambe kugwedera kapena kukhuza pa ladiyeta, ndipo yadutsa nyengo yotentha bwinobwino, koma ndikuiyang'anitsitsa kuti ndione mmene ichitire ndi matope a dzinja. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zitatu ndi theka.

Ku shopu anandiuza poyera kuti katundu wamagetsi akatuluka sabwezedwa, ngakhale muli ndi lisiti. Choncho tengani fani yakale popita kukagula, muyerekeze mabowo ndi pulagi pa kauntala pomwepo, ndipo muwapemphe aigunditse ku batire inu mukuona musanapereke ndalama.