Hosting yabwino, koma satifiketi ya SSL muvutika nayo nokha

A kampani ya hosting imene imasunga webusayiti yathu ndikuwapatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Seva yawo ili kuno ku South Africa, webusayiti imatseguka mwachangu ndipo sigwaigwa, komanso timalipira m'ma rand, kotero dollar ikakwera sititaya tulo. Pamene andikhumudwitsa ndi pa satifiketi ya SSL, imene imapatsa webusayiti https n'kubisa uthenga wa anthu oigwiritsa ntchito, ndipo ndemanga yangayi ikhala pamenepo.

Ndimayang'anira webusayiti ya alamu anga ku Mayfair, ku Joni. Bizinesi yawo ndi yotumiza katundu wa anzathu a ku Joni kupita kumudzi: mafiriji, mabedi, zikwama, njinga, mpaka ku Blantyre, Lilongwe ndi Mangochi. Wofuna malo mu lole amalemba pa fomu dzina lake, nambala ya foni ndi za wolandira katunduyo. Kuyambira 2018 Chrome imalemba "Not secure" pa webusayiti yopanda https, ndipo munthu amene wakhala akusunga ndalama miyezi yambiri kuti agule firiji, akaona mawu amenewo sakhalitsa, amapita kwa ena. Lamulo la South Africa la POPIA nalonso limafuna kuti amene wasunga maina ndi manambala a anthu aziwateteza.

Pa phukusi lotchipa limene tinatenga, AutoSSL (yoika satifiketi yaulere yokha) ya mu cPanel, tsamba loyendetsera hosting, anaizimitsa. Ukafuna https, ugule satifiketi kwa iwo omwewo. Tinagula ya DV, yongotsimikiza kuti domain ndi yathu. Pogulitsa sanena kuti kuiyika ndi ntchito ya kasitomala.

Chiyambi chake sichovuta. Mu cPanel, pa SSL/TLS, mumapanga private key (kiyi yachinsinsi), kenako CSR (pempho la satifiketi), n'kuonetsetsa kuti dzina lokhala ndi www ndi lopanda www onse alowa, apo ayi theka la makasitomala liziona chenjezo loti dzina silikugwirizana. Mukatumiza CSR amakupatsani kafayilo koti muike mu .well-known/pki-validation. Malangizo awo amangoti "ikani fayilo m'foda imeneyi", osatchula kuti File Manager imabisa foda iliyonse yoyamba ndi kadontho mpaka mutachonga Show Hidden Files. Mzere umodzi wokha ukanakwanira kufotokoza zimenezi.

Vuto lenileni linadza satifiketi itatuluka. Tsamba loikira lili ndi mabokosi atatu: CRT (satifiketi yanu), KEY (kiyi ija) ndi CABUNDLE (ma satifiketi a amene anakupatsani yanuyo). Imelo yawo inabwera ndi CRT yokha. cPanel imayesa kudzipezera CA bundle, koma kwa ife bokosilo linangokhala lopanda kanthu, ndipo malangizo awo akuti silofunika kwenikweni. Pa laputopu zonse zinaoneka bwino. Kenako alamu anayamba kulandira mauthenga pa WhatsApp: "Achimwene, webusayiti yanu ikuti ndi yoopsa." Odandaulawo ambiri anali ndi mafoni akale a Android, omwe ndi mafoni a makasitomala athu enieni, osati a anthu a m'maofesi a ku Sandton.

Chifukwa chake n'chakuti foni sikhulupirira satifiketi yanu payokha. Imakhulupirira ma root ochepa amene inabwera nawo, ndipo pakati pa root ndi satifiketi yanu pamakhala ina yotchedwa intermediate, imene seva iyenera kutumiza limodzi ndi yanuyo. Zili ngati kalata ya anyakwawa yopanda chidindo cha mfumu yaikulu: ku boma amene akukudziwani ailandira, amene sakukudziwani akubwezani. Browser ya pa kompyuta nthawi zambiri imakadzifunira yokha intermediate yosowayo, mafoni ena akale satero. N'chifukwa chake woika satifiketi amaona kuti zili bwino pamene makasitomala akuthawa.

A support oyamba anandiuza kuti ndifufute cache, zimene browser imasunga za webusayiti. Cache ya foni ya munthu amene ali ku Mangochi ndingaifufute bwanji ndili ku Mayfair? Ndinaika domain yathu pa SSL Labs ya Qualys, webusayiti yaulere yoyezera satifiketi, ndipo inanena poyera kuti chain ndi incomplete, kutanthauza kuti intermediate ija ikusowa, giredi n'kuimira pa B. Nditatumiza chithunzi cha zimenezo, tikiti inapita kwa munthu wina amene ankadziwa ntchito yake. Anatumiza bundle, anafotokoza mwaulemu, anaonanso yekha nditaika, giredi inafika pa A. Nyenyezi yachitatu ija ndi ya iyeyo. Mukakumana ndi zotere, musataye mawu ambiri, yambani ndi chithunzi cha SSL Labs.

Titasamukira ku https, zithunzi zina za malole zinasowa chifukwa WordPress, pulogalamu yoyendetsa webusayiti yathu, inali ikuzitchulabe ndi http. Limenelo si vuto la hosting. Mumasintha adiresi mu Settings ndi maulalo akale mu database, kenako mumayatsa Force HTTPS Redirect, basi.

Chimene chikundivuta kwambiri ndi mtengo wa zonsezi. Satifiketi yaulere ya Let's Encrypt imabisa uthenga chimodzimodzi ndi ya DV yogula, ndipo kasitomala saona kusiyana. Imatha pa masiku 90, koma seva yokonzedwa bwino imaikonzanso yokha popanda munthu kukhudza. Yogula inkaoneka yabwino chifukwa chokhalitsa, koma ubwino umenewo ukutha. Kuyambira Seputembala 2020 malire anali masiku 398, ndipo mu Epulo 2025 a CA/Browser Forum, gulu la makampani opereka ma satifiketi ndi opanga ma browser, anagwirizana zotsitsa: masiku 200 kuyambira pa 15 Malichi 2026, masiku 100 mu 2027, masiku 47 mu 2029. Ndiye kuti kukopera ma CRT ndi manja kuzachitika pafupifupi mwezi ndi theka uliwonse, ndipo ukaiwala tsiku limodzi lokha, tsamba lochenjeza limatsekereza webusayiti yonse. Nyengo ya Disembala, pamene aliyense akutumiza katundu kumudzi, zimenezo ndi ndalama zambiri.

Ndinawafunsa ngati angayatse AutoSSL pa phukusi lathu, anati n'zotheka pa phukusi lapamwamba lokha. Makampani ena kuno amaipereka ngakhale pa phukusi lotchipitsitsa, choncho funsani zimenezi musanalipire. Alamu akuti tidikire kuti chaka chimene tinalipira chithe. Domain ya .co.za inalembetsedwa m'dzina lawo, ndiye kusamuka nayo sikudzavuta.