Sofosbuvir/velpatasvir: piritsi limodzi patsiku, ndi ntchito yomwe imatsala mabotolo akatha

Pa mankhwala omwe alipo lero a hepatitis C, matenda a chiwindi obwera ndi kachilombo, sofosbuvir/velpatasvir sativuta kuwayamikira. Mumamwa piritsi limodzi patsiku kwa masabata 12, ndipo mwa anthu 100 omwe amamaliza bwino, oposa 95 kachilombo kamatheratu m'thupi mwawo. Kampani ya Gilead inawatulutsa mu 2016 ndi dzina loti Epclusa, ndipo makampani a ku India omwe ali ndi chilolezo amapanga ofanana nawo, monga Velpanat wa Natco ndi Velasof wa Hetero. Madandaulo athu sali pa mphamvu ya piritsili ayi. Ali pa momwe anthu amalimvera. Ambiri amaganiza kuti botolo lomaliza likatha nkhani yatha, pomwe piritsili limangopha kachilombo. Zipsera zomwe kachilomboko kanasiya pa chiwindi silizifufuta, ndipo kwa ena zipserazo ndizo zidzalamule zaka zikubwerazo.

M'piritsi limodzi muli sofosbuvir 400 mg ndi velpatasvir 100 mg. Sofosbuvir amatsekereza puloteni ya kachilombo yotchedwa NS5B, yomwe imakopera chibadwa cha kachilomboko kuti kaswane. Velpatasvir amagwira ina yotchedwa NS5A, yomwe imathandiza kusonkhanitsa tizilombo tatsopano. Kumenya mbali ziwiri nthawi imodzi n'komwe kumachititsa kuti kachilombo kasowe pothawira. Ubwino wina waukulu ndi woti amagwira mitundu yonse ikuluikulu isanu ndi umodzi ya kachilomboka, choncho m'malo ambiri sipafunikanso kuyeza mtundu musanayambe. Pa kafukufuku wa ASTRAL-1 anachiza 99 pa 100 alionse, ndipo pa ASTRAL-3, yemwe anali wa mtundu wachitatu womwe ndi wouma mutu, anachiza 95 pa 100. Amene akukumbukira nthawi ya interferon, jakisoni wa sabata ndi sabata kwa masabata 24 mpaka 48, wobweretsa malungo, kuthothoka tsitsi ndi kukhumudwa, nkumachiza pafupifupi theka la odwala a mtundu woyamba, amadziwa kutalika kwa ulendo womwe wayendedwa.

Musanameze piritsi loyamba pali zoyeza zitatu zomwe sitingalole kuti zidumphidwe. Choyamba ndi HCV RNA, kuyeza magazi kofufuza kachilombo kenikeniko, kutsimikiza kuti kalipodi, chifukwa anthu ena thupi lawo limakachotsa lokha koma kuyeza kwachangu kwa pachala kumapitiriza kuonetsa kuti ali nako. Chachiwiri ndi hepatitis B. Kachilombo ka C kakamaphedwa, ka B komwe kanali phee kamatha kudzuka n'kuononga chiwindi mwadzidzidzi, ndipo alipo omwe anamwalira nazo. N'chifukwa chake mu 2016 bungwe la FDA la ku America linaika chenjezo lalikulu pa mankhwala onse a gulu ili. Amene wapezeka ndi HBsAg, chizindikiro cha hepatitis B m'magazi, kawirikawiri amapatsidwa tenofovir kapena entecavir kuti amwere limodzi. Chachitatu, chomwe ndi chofunika koposa pa moyo wa mtsogolo, ndi kuyeza kuchuluka kwa zipsera pa chiwindi. FibroScan, makina oyeza kuuma kwa chiwindi, ikapitirira 12.5 kPa, kapena FIB-4, yomwe amawerengetsera kuchokera pa zaka zanu ndi zoyeza za m'magazi za AST ndi ALT (zomwe zimakwera chiwindi chikavulala) ndi ma platelet, ikaposa 3.25, ndiye kuti zipsera zafika patali. Nambalayi ilembedwe ndi kusungidwa. Tifotokoza pansipa chifukwa chake siingapezekenso mukachira.

Kamwedwe kake ndi kosavuta. Mabotolo ndi atatu, lililonse la mapiritsi 28, onse pamodzi 84. Mutha kumwa ndi chakudya kapena pamimba pa njala, bola ikhale nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Piritsi limezedwe lathunthu. Likatafunidwa ndi lowawa kwambiri. Mukaiwala n'kukumbukira maola 18 asanathe, imwani pomwepo. Akapitirira maola 18, dikirani nthawi yotsatira ndipo musamwe awiri. Mukasanza maola atatu asanathe chimwereni, imwani lina, kenako muuzeni dokotala kuti mapiritsi aperewera limodzi. Sungani m'botolo lake momwemo, pamalo posatentha kuposa madigiri 30. Langizo lathu ndi loti musayambe ngati simunatsimikize kuti mabotolo onse atatu alipo kapena afika pa nthawi yake. Kuphonya tsiku limodzi kapena awiri sikugwetsa chithandizo, koma kudukiza kwa masabata pakati pa botolo loyamba ndi lachiwiri kumapatsa kachilombo mpata wobwerera.

Zovuta zomwe anthu amamva ndi zochepa: mutu kupweteka ndi kufooka ndizo zofala, ena mseru ndi kusowa tulo, makamaka masabata oyambirira. Ochepa kwambiri amasiya mankhwala chifukwa cha zimenezi.

Pomwe piritsili lili ndi chofooka chenicheni ndi pa kusagwirizana ndi mankhwala ena, ndipo apa tikhalapo pang'ono chifukwa ndi pomwe chithandizo chimaonongekera mwakachetechete. Velpatasvir amafuna asidi wa m'mimba kuti asungunuke. Munthu wa chilungulira yemwe amamwa omeprazole m'mawa uliwonse osauza aliyense, poti amauona ngati mankhwala wamba, amakhala akuchepetsa velpatasvir wolowa m'magazi. Ngati omeprazole sangasiyidwe, asapitirire 20 mg, ndipo piritsi la hepatitis C limwedwe ndi chakudya maola anayi omeprazole asanamwedwe. Mankhwala otafuna kapena amadzi a chilungulira okhala ndi aluminium kapena magnesium atalikirane ndi piritsili maola anayi. Famotidine amwedwe nthawi imodzi ndi piritsili kapena patadutsa maola 12.

Ena ndi oti asakumane nalo n'komwe. Rifampicin wa TB, ndiponso carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbital a khunyu, amafulumizitsa thupi kutaya mankhwalawa mpaka otsalawo sakwanira kupha kachilombo. Wodwala TB nthawi zambiri amamaliza kaye mankhwala a TB, kenako n'kuyamba awa. Chitsamba chotchedwa St John's wort chimachita chimodzimodzi. Pa ma ARV, efavirenz sagwirizana ndi velpatasvir, pomwe dolutegravir alibe vuto. Amene ali pa tenofovir wakale uja wa TDF aziyezetsa impso chifukwa mlingo wake umakwera m'magazi. Amiodarone wa mtima akakumana ndi sofosbuvir amatha kuchedwetsa kugunda kwa mtima koopsa. Rosuvastatin asapitirire 10 mg. Omwe ali pa warfarin aziyeza INR, yomwe imaonetsa momwe magazi akuundanira, pafupipafupi, ndipo odwala shuga omwe amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga achenjere, chifukwa chiwindi chikayamba kupeza bwino shuga amatha kutsika kuposa kale pa mlingo womwewo. Tengani mankhwala onse omwe mumamwa, ogula nokha ndi azitsamba omwe, mukawaonetse musanayambe.

Kwa amene chiwindi chinafika polephera, kutanthauza kuti anatupapo mimba ndi madzi, anachitapo chikasu, anasanzapo magazi kapena kusokonezeka mutu, piritsili limagwirabe ntchito koma limaonjezeredwa ribavirin kwa masabata 12, kapena kumwedwa lokha kwa masabata 24. Apa ndi pomwe limaposa mnzake glecaprevir/pibrentasvir wa AbbVie, wodziwika kuti Maviret kapena Mavyret. Mnzakeyo ndi wachangu, masabata 8 okha kwa ambiri, koma ndi mapiritsi atatu nthawi imodzi, ayenera kumwedwa ndi chakudya, ndipo saloledwa pa chiwindi cholephera. Ribavirin naye ali ndi zake: amachepetsa magazi, ndipo amaononga mwana m'mimba, choncho mayi womwa mankhwalawa kapena mkazi wa bambo yemwe akuwamwa asatenge pakati pa nthawi ya chithandizo ndi miyezi yosachepera 6 pambuyo pake, mapepala ena amati 9 kwa mayi.

Tsopano botolo lachitatu latha. Simunachire kaye. Pa sabata yachinayi ambiri kachilombo kamakhala kosaonekanso m'magazi, ndipo tsiku lomaliza pafupifupi aliyense zotsatira zimakhala zabwino, koma umboni weniweni umabwera masabata 12 mutasiya kumwa. Kuyeza kumeneku kumatchedwa SVR12. Ngati panali tizilombo tochepa tobisala, m'masabata amenewa timaswananso n'kuonekera. HCV RNA ikapanda kupezeka pa nthawiyi, mwachira, ndipo omwe kachilombo komweko kamawabwerera pambuyo pake safika mmodzi pa 100. Anthu ambiri amadumpha kuyeza kumeneku poti akumva bwino ndipo palibenso mapiritsi owakumbutsa kubwerera kuchipatala. Lembani tsikulo pa kalendala tsiku lomwe mwayamba mankhwala: ndi sabata ya 24. Kwa ochepa omwe sizinatheke, njira ilipo, piritsi lomwelo loonjezeredwa voxilaprevir, lotchedwa Vosevi, kwa masabata 12.

Chomwe chimasokoneza ochira ambiri ndi kuyeza kwa antibody, asilikali omwe thupi limapanga likakumana ndi kachilombo. Kumapitiriza kuonetsa kuti munakumana ndi kachilombo kwa zaka zambiri, mwina moyo wonse. Mukadzayezedwa kwina ndi kachipangizo ka pachala n'kuuzidwa kuti muli ndi hepatitis C, musagwe mphwayi ndipo musayambenso mankhwala. Pemphani HCV RNA. Sungani pepala la SVR12 ngati chiphaso. Dziwaninso kuti m'maiko ambiri amene anadwalapo hepatitis C saloledwa kupereka magazi ngakhale atachira. Ndipo ma antibody amenewa sateteza. Katemera wa hepatitis C kulibe, ndiye mutha kutenganso kachilombo katsopano kudzera m'magazi: kubwerekana jakisoni, lezala kapena mswachi, kudinda zizindikiro pakhungu ndi zida zosaphikidwa, kapena kugonana kotulutsa magazi. Amene chiopsezo chikupitirira aziyezetsa HCV RNA kamodzi pachaka.

Pambuyo pa SVR12 njira zimapatukana, ndipo chopatulitsa ndi nambala ija ya zipsera. Amene zipsera zinali zochepa, ALT yabwerera m'malo mwake ndipo alibe matenda ena a chiwindi, sakufunikanso kuonedwa mwapadera. Chiwindi chawo chiyenda ngati cha munthu wina aliyense. Amene anali ndi cirrhosis, kutanthauza zipsera zofika patali, ndipo madokotala ambiri amaphatikizapo omwe anali pafupi nayo pa mlingo wa F3, ayenera kuunikidwa chiwindi ndi ultrasound miyezi 6 iliyonse, mwina pamodzi ndi kuyeza AFP m'magazi, yomwe imatha kukwera pakakhala khansa ya chiwindi, osasiya. Kuchira kumatsitsa kwambiri mwayi wa khansa ya chiwindi, koma sikuuthetsa. Miyezi 6 sinangosankhidwa: chotupa chopezeka chili chaching'ono chimatha kudulidwa kapena kuotchedwa, pomwe chikadikira mpaka munthu amve ululu nthawi zambiri chimakhala chitapitirira pochichotsa. A cirrhosis ena amafunikanso kuunikidwa kummero ndi kamera kuona ngati mitsempha yatupa, chifukwa ikaphulika munthu amasanza magazi ambiri.

Msampha uli apa: FibroScan ikabwerezedwa mutachira, nambala imatsika, nthawi zina kwambiri. Munthu amene anali pa 16 atha kupezeka pa 9, n'kuganiza kuti cirrhosis yatha. Koma makinawa amayeza kuuma kwa chiwindi, ndipo mbali ina ya kuumako inali kutupa komwe kachilombo kanayambitsa. Kutupa kumatha msanga, zipsera zimaphwa pang'onopang'ono kwa zaka, mwa ena osaphwa n'komwe. FIB-4 nayo imatsika chifukwa AST ndi ALT zatsika. Choncho nambala yodalirika posankha ngati muziunikidwa ndi ya musanayambe mankhwala, osati yatsopanoyo.

ALT ikakhalabe yokwera kachilombo katatha, pali china chikudya chiwindi, ndipo kawirikawiri chimakhala mowa, mafuta a pachiwindi obwera ndi kunenepa ndi shuga, kapena hepatitis B. Ena amanenepa akachira poti chilakolako cha chakudya chabwerera, ndiye sikelo iziyang'anidwa. Wa cirrhosis mowa asaulawenso n'komwe. Pa ululu, paracetamol osapitirira magalamu awiri patsiku ndi wabwinopo kwa iye kusiyana ndi ibuprofen kapena diclofenac, omwe amatha kuononga impso ndi kuyambitsa kutaya magazi m'mimba. Mankhwala ogulitsidwa ndi lonjezo lotsuka chiwindi alibe ntchito pano, ndipo ena mwa iwo ndi omwe amakweza ALT. Amene alibe chitetezo cha hepatitis A ndi B abayitse katemera wa zonse ziwiri.

Nanga kufooka ndi mutu wolemera zomwe ambiri amakhala nazo zaka asanachire? Kwa ambiri zimachepa m'miyezi ingapo, kwa ena zimatsalako, ndipo zikapitirira ndi bwino kuyeza magazi, chithokomiro ndi shuga m'malo moganiza kuti kachilombo kabwerera. Mayi amene wachira sangapatsirenso mwana wobadwa mtsogolo, n'chifukwa chake ndi nzeru kumaliza chithandizo asanatenge pakati.

Kodi a ku India aja amagwira ngati Epclusa? Omwe apangidwa ndi chilolezo ndi kuvomerezedwa ndi bungwe loona za mankhwala amachiza mofanana. Choopsa ndi mapiritsi ogulidwa pa intaneti kwa anthu osadziwika. Onani kuti botolo ndi lomata, lili ndi nambala ya gulu lomwe linapangidwira ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo lalembedwa 400 mg/100 mg. Sofosbuvir yekha, wopanda mnzake, sachiza hepatitis C, ndiye werengani mayina onse awiri pa botolo musanalitsegule.