Ndinatumiza mphepo ku Bangwe

Abale anga a ku Blantyre, makamaka inu amene mumaimba foni usiku kuti "achimwene, titumizireni katundu tiyambe geni", khalani pansi mumve zomwe zinandionekera mu 2020.

Ramaphosa atalengeza pa 23 Malichi kuti dziko la South Africa litsekedwa kuyambira pa 27 chifukwa cha Covid-19, anthu kuno ku Joni anapenga ndi tishu. Mashelefu pululu! Ine ndi nzeru zanga zautchona ndinati: ngati kuno watha, nanga kwathu? Ndinaona kale mayi akunyumba atakhala pakhonde ku Bangwe akuwerenga ndalama. Mashopu amene tinalowa ankalola mapaketi awiri munthu mmodzi, ndiye ndinatengana ndi anzanga anayi ogona nawo chipinda chimodzi, n'kuzungulira masiku awiri mpaka kukwanitsa mapaketi 20 a mipukutu 18, lililonse R110. Ndi R2,200 imeneyo, ndalama ya lendi.

Mabasi anali ataima, zimadutsa pa boda ndi mathiraki a katundu okha. Ndinapeza transipota wina wokoma pakamwa. Anati R600 basi, sabata imodzi katundu akhala ali pa Wenela, "mayi sadzatulutsa ngakhale tambala". Risiti sanandipatse, ine osafunsanso, poti ndi munthu wakwathu ndipo timapemphera mpingo umodzi.

Masabata asanu ndi awiri, abale. Lero ali pa Beitbridge, mawa thiraki yafera ku Tete, mkuja foni yazima. Pamenepo n'kuti kwathu khothi litaimitsa kale lokidauni ija imayenera kuyamba pa 18 Epulo, mavenda ku Limbe akugulitsa malonda awo monga mwa masiku onse. Mayi anandiuza mosapsatira: "Bambo, kuno tishu sanasowe, chasowa ndi ndalama." Zoona. Wa ku Ndirande amene akuvutika kupeza walkman wa ufa angagule mipukutu 18 nthawi imodzi? Amagula umodzi pa okala, ukatha nyuzi yakale ilipo, madzi alipo, ndipo kumudzi zitsononkho sizinayambe zakwerapo mtengo.

Tsiku lomwe katundu anafika ndiye mutu unandiwawa. Kamnyamata kena kanaimbira mayi kuti abwere ndi K35,000 ya "msonkho wa pa Mwanza". Pepala la msonkholo? Palibe. Kuwonjezera apo K5,000 "yosungira", katundu amene anachedwetsa okha! Mayi anakatenga katapila kuti awombole. Powerenga, mapaketi 17 okha, ndipo anayi anali atanyowa mpaka kusanduka phala. Nditamuimbira transipota uja anangoti, "Msewu, achimwene, msewu." Kenako anandibuloka pa WhatsApp.

Werengani nokha. R2,800 nthawi imeneyo inali cha m'ma K115,000, ndiye muwonjezerepo K40,000 ya pa Wenela ija. Mapaketi 13 otsalawo anagulidwa pa K4,000 lililonse, ena pangongole. K52,000. Chiwongoladzanja cha katapila ndachisiya dala, mtima ungandipweteke.

Munthu woona mtima ndinakumana naye mu Julaye, dalaivala wachikulire wa ku Machinjiri. Ndimafuna kutumiza matewera a mwana ndi tishu wina. Anayang'ana katunduyo n'kuseka: "Mwana wanga, ukulipirira mphepo. Ife timatchaja malo, ndipo tishu amadya malo ngati matiresi. Tumiza ndalama akagule ku Limbe." Anakana yekha ndalama yanga. Matewera okhawo anatenga, mtengo wonse anaulemba papepala n'kusainira, chithunzi anatumiza ali pa Nyamapanda, china pa Mwanza, ndipo risiti ya msonkho anakapereka m'manja mwa mayi. Masiku asanu ndi anayi.

Tsono inu amene mukulota geni ya katundu wa ku Joni, musanandivutitse pitani kaye ku Limbe mukafunse mtengo wa chinthucho. Chimene chasowa ku Johannesburg sindiye kuti chasowanso ku Chirimba. Transipota akakuuzani kuti "zonse zili momwemo", alembe, asainire, ndipo mufunse ngati msonkho uli momwemo. Akakana kulemba, nyamulani katundu wanu, kaya ndi mlamu wanu, kaya ndi dikoni.

Mapaketi anayi onyowa aja mayi anawayanika padenga sabata yathunthu, kenako anayatsira mbaula mpaka Okutobala.