Casio fx-991EX: kodi ingamuuze wophunzira kuti nambala ikugawika kapena ayi?

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito kalikuleta ya Casio fx-991EX, ya m'gulu la ClassWiz imene inatuluka mu 2015, pophunzitsa masamu ana a Fomu 3 ndi Fomu 4. Pano ndikufuna kuiunika pa ntchito imodzi yokha, yomwe ndi kuthandiza wophunzira kudziwa ngati nambala yaikulu ikugawika ndi nambala ya prime popanda chotsala. Zoti ili ndi ntchito 552, kuti imayendera sola pamodzi ndi kabatire kamodzi ndiponso kuti sikirini yake ndi yowoneka bwino, n'zoona, koma sizimene zinandichititsa kuigula.

Nambala ya prime ndi imene sigawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ana amabwera ku sekondale akudziwa kale malamulo odziwira ngati nambala ikugawika ndi 2, 3, 5 kapena 9, ena ochepa amakumbukiranso la 11, koma mukangowafunsa za 97, 641 kapena 1009 malamulo aja amatha ndipo dzanja limathamangira pa kalikuleta. Choncho funso loyenera n'lakuti kodi chimene akaone pa sikirini angachikhulupirire mpaka pati.

Chimene ndimachikonda kwambiri ndi batani la FACT. Mukalemba nambala n'kudina chizindikiro cha yankho, kenako SHIFT ndi batani la madigiri ndi mphindi, kalikuletayi imaphwanya nambalayo n'kukuonetsani manambala a prime amene anachulukitsana kuti ipangike. Mukaika 2024 imakupatsani 2³ × 11 × 23, mukaika 1001 imakupatsani 7 × 11 × 13, ndipo imatero m'kanthawi kochepa kwambiri. Imalandira nambala ya madijiti osapitirira 10. Tsiku lina ndinalemba pa bolodi 4,294,967,297, yomwe ndi 2³² kuphatikiza 1. Katswiri wa masamu Pierre de Fermat ankakhulupirira kuti nambala imeneyi ndi ya prime, ndipo panadutsa zaka pafupifupi 90 kuti Leonhard Euler aonetse mu 1732 kuti imagawika ndi 641. Ana anga a Fomu 4 anapeza 641 yemweyo ndisanamalize kupukuta choko m'manja, ndipo sindingabise kuti zinandisangalatsa.

Koma yankho limene linatuluka linali 641 × (6700417), ndipo mabulaketiwo ndi amene wogula aliyense ayenera kuwamvetsa bwino. Buku la malangizo limanena mosabisa kuti pali manambala a mitundu iwiri amene makinawa sangathe kuwaphwanya mpaka kumapeto: amene ali ndi nambala ya prime yokwana 1,018,081 kapena kuposa pamenepo, ndi amene ali ndi manambala a prime awiri kapena ambiri opitirira madijiti atatu. Chigawo chimene chakanika amachiika m'mabulaketi. Nambala ya 1,018,081 siinangosankhidwa mwachisawawa, chifukwa ndi 1009 kuchulukitsa ndi 1009, ndipo 1009 ndiyo nambala ya prime yoyamba yokhala ndi madijiti anayi. Izi zikusonyeza kuti kalikuletayi imayesa kugawa ndi manambala a prime kufika pa 997, kenako imaima. Mabulaketi sakutanthauza kuti chimene chili mkatimo ndi prime. Akutanthauza kuti makinawo afika pamene angathe ndipo asiyira inu.

Zinangochitika kuti 6,700,417 ndi prime ndithu, ngakhale kuti munthu wofuna kutsimikiza yekha ayenera kuyesa manambala a prime onse osapitirira 2588. Pofuna kuti ana asazolowere molakwika, ndinawapatsa 1,022,117. Kalikuleta inabweza nambala yomweyo ili m'mabulaketi, ndipo pafupifupi kalasi lonse linalemba m'makope kuti ndi prime, ena mpaka anadula mzere kunsi kwa yankho. Mtsikana mmodzi wokhala pafupi ndi zenera ndi amene anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga mabulaketiwa ndi achiyani, poti 2024 ija inalibe?" Ndinamuuza kuti agawe nambalayo ndi 1013, ndipo anapeza 1009 wopanda chotsala.

Vuto lachiwiri n'lobisika kuposa loyambalo chifukwa silibwera ndi chizindikiro chilichonse. Sikirini imaonetsa madijiti 10 okha a yankho, ngakhale kuti mkati makinawa amawerengera ndi madijiti 15. Tengani 123,456,789,012 n'kuigawa ndi 97. Chimene chidzaoneke ndi 1272750402, nambala yathunthu yopanda dontho la desimali, ndipo mwana amene anaphunzitsidwa kuti yankho likakhala lopanda dontho ndiye kuti nambala yagawika adzalemba kuti inde, ikugawika. Zoona zake n'zakuti sigawika, pamatsala 18. Desimali ilipo koma yasowa malo pa sikirini. Njira yoitulutsira ndi kuchotsa 1272750402 pa Ans (batani losunga yankho lomaliza), pamene pamatsala pafupifupi 0.1856, ndipo mukachulukitsa ndi 97 mumafika pa 18 ndi katsontho kochepa pamwamba pake. Njirayi imathandiza, koma amaigwiritsa ntchito ndi wophunzira yekhayo amene anakayikira kale yankho.

Pa mabatani a kalikuleta yangayi palibe lopereka chotsala mwachindunji, ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti inaperewera pa ntchito imene ndikukambayi. Pa manambala aang'ono pali njira yozungulira yabwino: mukagawa 1000 ndi 97 yankho limabwera ngati fulakishoni, ndipo SHIFT ndi batani la S⇔D amalisandutsa 10 ndi 30/97, kutanthauza kuti chotsala ndi 30. Popeza wogawayo ndi prime, fulakishoniyo singachepetsedwe, choncho nambala ya pamwambayo ndi chotsala chenicheni nthawi zonse. Manambala akatalika kwambiri fulakishoni imaleka kuoneka ndipo mumabwerera ku desimali.

N'chifukwa chake ndimaphunzitsa ana kugwiritsa ntchito kalikuletayi pang'onopang'ono, m'malo moiponyera nambala yonse kamodzi. Popeza 100 akagawidwa ndi 97 pamatsala 3, nambala yaitali ija mungaidule madijiti awiriawiri, 12, 34, 56, 78, 90 ndi 12, n'kumachulukitsa chotsala ndi 3 musanaphatikize chigawo chotsatira. Kuyambira pa 12 mumapeza 70, kenako 266 amene amasiya 72, kenako 294 amene amasiya 3, kenako 99 amene amasiya 2, ndipo pomaliza 2 × 3 + 12 amapereka 18 yemwe uja. Palibe sitepe imene ikudutsa madijiti atatu, moti ana ena amaimaliza pamtima kalikuleta ili chotseka. Anthu amene amatumiza ndalama ku akaunti ya ku Britain kapena ku mayiko ena a ku Ulaya amakumana ndi 97 ameneyu mosadziwa, chifukwa nambala ya IBAN, yomwe ndi nambala ya akaunti ya ku banki yogwiritsidwa ntchito pakati pa mayiko, imatsimikizidwa poisandutsa madijiti okhaokha n'kuigawa ndi 97, ndipo chotsala chiyenera kukhala 1.

Pa mafunso a mapawa aakulu kalikuletayi ilibe chonena. Mukafunsa ngati 2¹⁰⁰ kuchotsa 1 ikugawika ndi 101, sikirini imaonetsa 1.2676506 × 10³⁰, ndipo 1 amene munachotsayo sasintha kalikonse chifukwa nambalayo ili ndi madijiti 31 pamene makina akusunga 15. Yankho ndi inde, koma limachokera ku lamulo limene Fermat yemwe uja analemba m'kalata mu 1640 ndipo Euler anafalitsa umboni wake pambuyo pake, lakuti ngati p ndi prime ndipo sagawa a, ndiye kuti a wokwezedwa ku pawa ya (p − 1) amasiya chotsala cha 1 akagawidwa ndi p; apa p ndi 101 ndipo a ndi 2. Sindiiimba mlandu kalikuletayi pamenepa, pakuti ndi malire a makalikuleta onse a mtundu umenewu.

Kwa kholo limene likufunsa ngati ndi yoyenera kugulira mwana wa sekondale, ndinganene kuti inde, makamaka ngati mwanayo amakonda masamu, chifukwa batani la FACT lokha limamupatsa mpata woyesa manambala ambiri madzulo amodzi n'kuyamba kuona mmene amakhalira. Ngati mukugula pa msika, onetsetsani kuti mawu akuti FACT alembedwa pamwamba pa batani la madigiri, chifukwa si makalikuleta onse a sayansi amene ali nalo, ndipo muyese 2024 musanalipire. Mukafika nayo kunyumba, muuzeni mwanayo ayambe ndi 1,022,117 ndipo akufotokozereni chimene mabulaketiwo akunena.