DITRA-HEAT pansi pa matailosi a mwala: waya amayalika mosavuta, koma mwala sunyengerera

DITRA-HEAT ndi mphasa ya pulasitiki yolimba, ya mtundu wa olenji, yopangidwa ndi kampani ya ku Germany ya Schlüter-Systems. Pamwamba pake pali timitu tondandalikana m'mizere, ndipo waya wotenthetsa pansi amapanidwa pakati pa timituto. Kunsi kwake kuli nsalu yomwe imagwira simenti yomatira. Kukhuthala kwake ndi mamilimita 5.5. Imagwira waya, komanso imalekanitsa mwala ndi konkire, kuti konkire ikamafutukuka ndi kutentha kapena ikachita kamng'alu, mng'aluwo usakwere kufika pa tailosi. Kwa amene akuyala miyala koyamba, phindu lalikulu lili pa ntchito yachiwiriyi. Miyala ya limestone, travertine ndi marble siilimba ngati matailosi a porcelain, ndipo pansi potenthetsedwa pamafutukuka ndi kubwerera tsiku lililonse.

Mbali ya waya ndiyo tikuiyamikira kopanda kukayika. Simufuna tepi kapena zopanira. Mumangokanikiza wayayo ndi chala kapena kathabwa, kusiya timitu titatu pakati pa mzere ndi mzere, womwe ndi mpata wa pafupifupi masentimita 9. Mukaona kuti waya watsala kapena wapelewera, mumamuzula n'kuyambanso, popanda chowonongeka. Pa waya wa 230V wogulitsidwa ku Ulaya, mpata umenewu umapereka pafupifupi mawati 136 pa sikweya mita. Choncho m'bafa kapena m'khitchini ya masikweya mita 10, momwe malo oyenda anthu ndi 7 okha, mukuyembekezera mawati ochepera pang'ono 1,000. Yezani malo otenthetsedwa okha musanagule, chifukwa wayayu sadulidwa, ndipo sayenera kudutsa pansi pa makabati okhazikika, chimbudzi kapena bafa losambiramo, komwe kutentha kumasowa kotulukira. Asapingasanenso paliponse.

Koma mphasayi siiwongola pansi. Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika nayo. Ikani thabwa loongoka la mamita 2 pansi, mbali zonse za chipinda. Mpata wa pansi pa thabwalo ukaposa mamilimita 3, yambani mwathira simenti yosalaza yokha (self-levelling), muidikire iume. Ngati pansi pali pa matabwa ndipo pamanjenjemera munthu akamayenda, limbitsani kaye, chifukwa mphasayi imalandira kusuntha kwa cham'mbali, osati kupindika kopita pansi. Mphasayo imamatidwa ndi simenti yomatira matailosi yosakaniza mofewerako, yopaka ndi chipande chopakira simenti (trowel) cha mano a 6 x 6 mm. Mukayala chidutswa choyamba, nyamulani ngodya imodzi muone: nsalu yonse ikhale yothimbirira ndi simenti. Mukaona mawanga oyera, simenti yalimba kwambiri kapena munachedwa kuyala.

Multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, musaisiye patali. Yezani ma ohm a waya akadali m'bokosi, yezaninso mutamupana m'mphasa, ndiponso mutamaliza kuyala miyala, n'kumalemba manambalawo pa pepala la chitsimikizo. Akasiyana kwambiri ndi olembedwa pa waya, imani pomwepo. Nsonga ya chipande chachitsulo ingathe kucheka waya osaonekera. Masensa a kutentha ikani awiri, aliyense pakatikati pa mizere iwiri ya waya. Mmodzi amalumikizidwa ku thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha, winayo amangokhala chire kudikira tsiku lomwe mnzake adzafe. Kulumikiza ku magetsi a m'nyumba, kudzera pa RCD (swichi yodula magetsi akayamba kuthawira pansi) ya 30 mA, ndi ntchito ya wamagetsi wovomerezeka.

Tsopano mwalawo, womwe bokosi la DITRA-HEAT silinena zambiri za iwo. Simenti yomatira ikhale yolembedwa C2 ndi S1, kutanthauza yogwira kwambiri komanso yotha kupindika pang'ono. Pa mwala woyererako, monga limestone kapena marble, gulani yoyera, makamaka youma msanga. Simenti yotuwa imalowa m'timabowo ta mwala, n'kuonekera pamwamba ngati mithunzi yosachoka ngakhale mutakolopa chotani. Vuto la youma msanga nlakuti m'ndowa imayamba kulimba pakangotha mphindi 30 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye woyamba kumene asakanize kotala la thumba basi, osati lonse. Ikayamba kulimba itayeni. Kuithira madzi ndi kuipha mphamvu. Marble wobiriwira ngwapadera: mitundu ina imapindika ikamwa chinyezi cha simenti, ndipo imafuna chomatira cha epoxy.

Kayalidwe kake nkotere: dzazani kaye mipata ya pakati pa timitu ndi mbali yosalala ya chipande, kenako pesani simenti ina pamwamba ndi mano a mamilimita 10, mizere yonse ikulozera mbali imodzi. Pakaninso simenti yopyapyala kumsana kwa tailosi iliyonse musanaiike. Travertine kumsana kwake kumakhala mabowomabowo, ndipo bowo losadzaza lomwe lili pansi pa mwendo wa mpando limadzaboola pamwamba. Kumata tailosi ndi timilu tisanu ta simenti, pangodya ndi pakati, musayese n'komwe pano: mpweya wotsala pansi umatsekereza kutentha, waya n'kumapsa pamalo amodzi, ndipo ngodya za tailosi zimathyoka. Mukagogoda tailosi youma ndi chogwirira cha chipande n'kumva kulira ngati ng'oma, pansi pali mphako. Dziwaninso kuti timitu timadya simenti yambiri. Thumba la makilogalamu 20 lomwe pansi wamba limakwana masikweya mita 4 kapena 5, pano silifika pamenepo.

Miyala ya m'bokosi limodzi siifanana mtundu, ndipo mwala wa slate wosalinganizidwa safanana ngakhale kukhuthala. Tsegulani mabokosi onse, sakanizani, yalani pouma muone, ndipo pa slate yambani ndi zokhuthala kwambiri kuti zopyapyala muzikweza ndi simenti. Gulani zoonjezera pafupifupi 10 mpaka 15 pa 100 iliyonse. Dulani miyala ndi makina a madzi, kutali ndi waya.

M'mbali mwa khoma, mozungulira chipinda chonse, siyani mpata wa mamilimita osachepera 6, wosathiramo grout (simenti yodzazira mipata ya pakati pa matailosi). Umabisika ndi skirting kapena silicone yosadetsa mwala. Pakhomo napo pakhale mpata wofewa wotere, chimodzimodzi pansi pakaposa mamita 8 m'litali kapena masikweya mita 40. Mphasa siichotsa lamulo limeneli. Mwala ukauma, pakani sealer (mankhwala otseka timabowo ta mwala) wolowa m'kati musanathire grout, apo ayi mtundu wa grout umalowerera m'mwala n'kusiya chifunga m'mphepete mwa tailosi iliyonse. Pakaninso kachiwiri grout ikauma. Ndipo viniga, mandimu ndi mankhwala a asidi ochotsera zotsalira za simenti asayandikire limestone, travertine ngakhale marble. Amadya kuwala kwake nthawi yomweyo.

Zotsutsa zilipo. Mphasayi ndi yokwera mtengo poyerekeza ndi mphasa za waya womatidwa kale pa ukonde, ndipo timitu take tinapangidwira waya wa kampani yomweyo. Pansi pamakwera ndithu: mphasa, simenti ziwiri, ndi mwala wa mamilimita 12 zimafika pafupifupi masentimita 2.5, ndiye zitseko mudzazidula. Pa konkire yozizira yopanda chotchinga kutentha, gawo la magetsi anu limatenthetsa nthaka. Mtundu wa DITRA-HEAT-DUO, wa mamilimita 7.5, uli ndi nsalu yokhuthala yomwe imachepetsako vutoli, koma sungafanane ndi mabolodi enieni otchinga kutentha. M'bafa, m'khitchini kapena m'khonde la m'nyumba ndi yoyenera kugula. Pabalaza lalikulu lofuna kutenthetsedwa tsiku lonse, mapaipi a madzi otentha ndiwo abwino.

Mukamaliza, thermostat isayatsidwe kufikira simenti ndi grout zitakhwima. Masiku 7 ndi ochepetsetsa, ndipo opanga simenti ambiri amalemba 14 kapena kuposa; tsatirani olembedwa pa thumba. Poyatsa, yambirani pa kutentha kotsika n'kumakweza madigiri osaposa 5 patsiku, mpaka pamwamba pa mwala pafike madigiri 26 kapena 27.