Thermapen ONE: choyezera kutentha kwa chakudya m'makhitchini ophikira anthu ambiri

M'masukulu ogonera komweko, m'zipatala ndi m'ndende, ndiwo zimaphikidwa m'miphika ikuluikulu ndipo ophika amadalira maso. Ntchafu ya nkhuku yochokera mufiriji ikalowa m'mafuta isanasungunuke bwino, kunja imafiira msanga koma pafupa pamatsala posapsa, tizilombo ta Salmonella ndi Campylobacter tili moyo. Pakapita masiku ochepa, hositelo yonse yayamba kutsegula m'mimba.

Thermapen ONE, yopangidwa ndi kampani ya ETI ku Worthing ku England, imathetsa kuyerekeza kumeneku. Ili ndi singano yopinda, imaonetsa nambala pa sekondi imodzi, ikaphonya imaphonya ndi 0.3°C basi, imayendera batire limodzi la AAA ndipo madzi salowa. Liwiroli ndilo likutikopa. Wophika amene ana akumudikira pamzere sangapirire choyezera cha muvi chochedwa kukhazikika; amayeza chidutswa chimodzi n'kusiya choyezeracho m'kabati.

Bayani pamnofu pokhuthala kwambiri osakhudza fupa. Nkhuku ifike 75°C, nyama yogaya isachepere 71°C. Sankhani zidutswa zikuluzikulu ndi zomwe zalowa mumphika pomaliza, ndipo mukabaya yosapsa tsukani singanoyo ndi sopo ndi madzi otentha musanabaye ina, apo ayi mwasamutsa nokha tizilombo.

Pofuna kudziwa ngati ikuyeza molondola, iviikeni m'kapu ya ayezi wophwanya wothira madzi pang'ono: ionetse 0°C. Madzi owira asakusokonezeni. Ku Lilongwe amawira cha pa 96°C, ku Dedza cha pa 95°C chifukwa malowa ndi okwera, ndiye musaitaye poganiza kuti yafa.

Zofooka zilipo. Ndi yodula, ndipo singano yake ndi yaifupi, sifika pakati pa mphika waukulu wa nyemba kapena msuzi, choncho takasani kaye bwinobwino musanayeze. Siyosiya mumphika kapena mu uvuni.

Musaisunge Thermapen mukangomaliza kuphika. Nyama yopsa bwino m'mawa ikakhala pachitofu chozima mpaka madzulo, tizilombo ta Clostridium perfringens timachulukana pamene ikuzizira pang'onopang'ono. Chakudya chodikira chikhale pamwamba pa 63°C, chotsala chigawidwe m'mathireyi osaya n'kulowa mufiriji pasanathe maola awiri. Sukulu yomwe ili ndi ndalama yogulira imodzi yokha igule, iipereke m'manja mwa mkulu wa ophika pamodzi ndi kope lolembamo nambala za chakudya chilichonse.