Siponji kapena matiresi opopa: mugonere chiyani pa ulendo woyamba wa kutchire?

Anzanga amene akukonzekera ulendo wawo woyamba wokagona kutchire, katundu yense ali kumsana, amandifunsa zinthu ziwiri zokha: agule tenti yanji, ndipo thumba logonamo likhale lotani. Za chimene adzayale pansi pa msana amafunsa ndi mmodzimmodzi. Komatu mwa anthu amene ndawamva akulumbira kuti sadzapitanso, ambiri sinali mvula imene inawasowetsa tulo, inali nthaka. N'chifukwa chake ndikufuna tiyerekeze zogonera, matenti tiwasiye kaye.

Zilipo zamitundu itatu. Pali siponji yolimba, yopinda kapena yokulunga, imene ilibe mpweya woti ungatuluke. Pali matiresi opopa, omwe ndi nsalu yopyapyala yodzaza mpweya. Pakatikati pali odzipopa okha, amene mkati mwake muli siponji yofewa yomwe imakoka mpweya mukangotsegula valavu. Mtundu umenewu anauyambitsa ndi opanga zogonera za Therm-a-Rest ku Seattle, ku America, mu 1972, ndipo ukadali wabwino kwa munthu amene galimoto ikamufikitsa pamalo ogona. Woyenda pansi sindimulimbikitsa: ambiri amalemera kupyola theka la kilogalamu, amadya malo m'chikwama, komanso amatha kubooka ngati opopa aja. Ndiye mpikisano weniweni uli pa awiri otsalawo.

Za kulemera musavutike nazo. Siponji yotchuka ya Z Lite Sol imalemera magalamu pafupifupi 410, pomwe matiresi opopa a NeoAir XLite NXT ali cha m'ma 370. Kusiyana kumeneku phewa lanu silingakumve.

Nkhani yaikulu ndi kufunda. Thumba logonamo limafunditsa chifukwa nthenga kapena ulusi wa mkati mwake zimatutuma n'kusunga mpweya wofunda. Mukagona, thupi lanu limafinya zonse zimene zili pansi panu, mpweya uja n'kuthawa. Kumtunda mwafunda bwinobwino, koma kumsana kwangotsala kansalu, ndipo nthaka imayamwa kutentha kwa thupi usiku wonse osakhuta. Chimene chimaima pakati pa inu ndi nthakayo ndi chogonera chokha. Mphamvu yake yotchinga kuzizira amailemba ndi nambala yotchedwa R-value: ikakula, ndiye kuti chimatchinga kwambiri. Kuyambira mu 2020 makampani akuluakulu amayeza nambalayi m'njira imodzi yotchedwa ASTM F3340, kotero zogonera zoyezedwa choncho mukhoza kuziyerekeza mosakayika. Siponji ija ili pa 2.0. Matiresi opopa aja ali pa 4.5. Apa sindingabise, opopa abwino apambana kutalitali.

Pali china chimene ogulitsa sanena kawirikawiri. Madigiri olembedwa pa thumba logonamo, osonyeza kuzizira kumene thumbalo lingapirire, amawapeza ndi muyezo wa ISO 23537, umene unalowa m'malo mwa EN 13537. Amagoneka chidole chotenthetsedwa ndi magetsi m'thumbamo, chitavala zovala zamkati zazitali, ndipo pansi pake amayala chogonera cha R pafupifupi 4.8. Choncho thumba lolembedwa madigiri 5 silingakupatseni madigiri 5 amenewo mukaliyala pa chogonera chofooka. Muziwerenganso nambala yolembedwa kuti comfort (kuzizira kumene mungagone bwinobwino), osati extreme, chifukwa ya extreme imangotanthauza kuti mukhoza kupulumuka maola angapo mukunjenjemera. Ndipo ngati mukukwera phiri, kumbukirani kuti mukakwera mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Kumene mwayambira ulendo mutavala malaya okha, pamwamba kukhoza kukhala chisanu choluma.

Ndiye bwanji ine ndimakakamirabe siponji kwa munthu woyamba kumene? Chifukwa nambala ya matiresi opopa imagwira ntchito pokhapokha mpweya ukadali mkati. Akaphwa, palibenso 4.5 kapena 2, mwagona pa nthaka.

Zinandichitikira ndi matiresi ena opopa amene pa katoni yake panali nambala yaikulu ya R koma popanda kutchula ASTM paliponse. M'sitolo ankaoneka bwino, ofewa, opindika mpaka kuchepa zedi. Pakati pa usiku ndinamva kuti phu! pansi pa phewa. Sunali munga ayi, pamalopo ndinali nditasesa. Unali msoko wa mkati, umene umagawa matiresi m'timizere, utamatuka wokha. Mbali imodzi inafufuma, kenako mpweya unayamba kutuluka pang'onopang'ono cha pafupi ndi valavu. Ndinkapopa, n'kugona kanthawi, n'kudzidzimuka chiuno chitagunda pansi, n'kupopanso, mpaka kunacha. Tsiku lotsatiralo panali mtunda wautali wobwerera, ndipo miyendo ya munthu wosagona imaphonya miyala imene masiku ena akanaiponda bwinobwino. Kumeneko ndiye kuopsa kwake kwenikweni, osati kuzizira kokha.

Ena amati, "Si ungomata chigamba?" Kumata matiresi opopa kuli ngati kumata chubu cha njinga: uyenera kupeza kaye pobooka ndi madzi kapena thovu la sopo, kuumitsa, kupaka guluu, n'kudikira kuti agwire. Zimenezi n'zotheka masana pakhomo. Usiku mu tenti, ndi tochi pamphumi, zala zitauma ndi chisanu, madzi amene muli nawo ali akumwa okha, n'zovuta kwabasi. Ndipo msoko wa mkati ukamatuka, palibe chigamba chimene chingathandize.

Chimene chinandiwawa kwambiri chinabwera pambuyo pake. M'katonimo munalibe zigamba, zinali zogula padera. Thumba lopopera nalonso linali logula padera, chikhalirecho n'lofunika ndithu: mpweya wa m'kamwa umalowetsa chinyezi mkati mwa matiresi, komanso kupopa ndi pakamwa pamalo okwera utatopa kumachititsa chizungulire. Nditadandaula, ogulitsawo anandiuza kuti nditumize matiresiwo pa ndalama zanga kuti akaone ngati vuto linali lawo, ndipo kuti kubooka kulikonse iwo sikuwakhudza. Nditawonkhetsa zonse, "otsika mtengo" aja sanalinso otsika. Kuyambira pamenepo matiresi opopa osalemba ASTM sindiwayang'ana n'komwe, ndipo inunso ndikukupemphani muchite chimodzimodzi. Ambiri a iwo mkati mulibe chilichonse chotchinga kuzizira, ndi mpweya wokhawokha umene umazungulira n'kumanyamula kutentha kwanu kupita nako pansi.

Kuti ndisawanamizire opopa onse: akafewa pang'ono usiku si nthawi zonse abooka. Mpweya wofunda ukazizira umanyala, ndiye muziwapopa mukangofika, n'kuwonjezera pang'ono musanagone.

Siponji ilibe chilichonse choti chingawonongeke usiku. Munga ukailasa, imakhalabe siponji. Kamoto kakathethekera, patsala kabowo basi. Siyamwa madzi, mvula ikainyowetsa mungoipukuta. Ndipo imagwira ntchito tsiku lonse, osati usiku wokha: mumakhalira popuma panjira, mumagwadira pophika, mumaiyala pa mwala wonyowa pamene mukuvula nsapato. Matiresi opopa simungayerekeze kuwachita zimenezi. Ngati ndinu wamfupi mukhoza kuidula ndi mpeni kuti ichepe, ndipo mnzanu akabinya kapena kuthyoka mwendo, chidutswa chake chimathandiza kumanga chiwalocho kuti chisagwedezeke. Pa mtengo, siponji imatsika kwambiri poyerekeza ndi opopa abwino, zomwe n'zofunika kwa munthu amene sanadziwe ngati maulendo oterewa adzawakonda.

Zofooka zake nazo zilipo, ndipo chachikulu ndi kulimba. Siponji ndi yochindikala masentimita 2 okha, pomwe opopa aja amafika 7.6. Wogona chagada sadandaula kwenikweni. Wogona cham'mbali amamva chiuno ndi phewa zikuphwanya, makamaka ngati msana umamuvuta kale. Munthu woteroyo sindingamukakamize, agule opopa a kampani yodziwika, okhala ndi zigamba ndi thumba lopopera m'katoni momwemo. Angodziwa kuti ena mwa iwo amachita phokoso la pepala ukamatembenuka, ndipo mnzake wa mu tenti adzalimva. Siponji imaphwatalalanso ikamakalamba, timabowo take tikafafanizika kufunda kumachepa.

Polongedza, awiriwa amafuna malo osiyana. Opopa amapindika n'kukhala ngati kukula kwa botolo la lita imodzi, ndiye amalowa mkati mwa chikwama, kutali ndi zikhomo za tenti, mpeni ndi chitofu. Siponji silowa, imamangidwa kunja. Muimange choimirira kumbuyo kwa chikwama, osati chopingasa, chifukwa yopingasa imakola m'nthambi ndi m'miyala panjira yopapatiza n'kukukokerani m'mbali. Ubwino wake ndi wakuti malo a mkati amatsalira zina: thumba logonamo pansi penipeni litakulungidwa m'pulasitiki yolimba, zolemera monga madzi ndi chakudya pakati moyandikira msana, jekete ya mvula ndi tochi pamwamba. Chikwama chonse chisapyole kwenikweni gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lanu.

Choncho kwa ulendo woyamba, womwe ndimalangiza kuti ukhale m'nyengo yofunda komanso pamtunda wosatalika, tengani siponji. Kwa ine imakwana bola usiku usatsike kwambiri pansi pa madigiri 10. Mukadzayamba kulakalaka malo ozizira, siponjiyo simudzaitaya, chifukwa manambala a R amaphatikizana: 2.0 pansi ndi 4.5 pamwamba zikupatsani 6.5, yokwanira ngakhale pa nthaka youma ndi chisanu. Ikakhala pansi imatetezanso opopawo ku minga, ndipo akaphwa mumatsala ndi pogona.

Chilichonse chimene mwasankha, musakachiyesere kutchire. Chiyaleni pa simenti kunyumba, mugonepo usiku wonse m'thumba limene mudzatenge. Ngati ndi siponji, mudzadziwa ngati chiuno chanu chikuvomera. Ngati ndi opopa ndipo m'mawa mwapeza ataphwa, abwezeni msanga risiti isanasowe.